Kodi majowajowa a m'madzi angandichepetse thupi n'kutsitsa cholesterol?

Funso

Ndine bambo wa zaka 49, ndimakhala ku Lilongwe ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse. Ndimalemera makilogalamu 104, msinkhu wanga ndi mamita 1.72. Mwezi wathawu atandiyeza magazi anapeza cholesterol yonse 6.4, LDL 4.2, HDL 0.9 ndi triglycerides 2.8. Adokotala anandilembera atorvastatin, kuwonjezera pa mankhwala a BP amene ndinayamba kale, ndipo anati ndichepetse thupi. Ndinayesa kuthamanga m'mawa koma mawondo anatupa, ndinasiya. Mlamu wanga akuti ndiyese masewera a m'madzi, koma anzanga kuntchito akuseka kuti m'madzi munthu satuluka thukuta ndiye mafuta sangasungunuke. Kusambira kwenikweni sindidziwa. Kodi zingandithandize? Nanga ndikalimbikira ndingadzasiye mapiritsiwa?

Yankho

Bambo, mwachita bwino kulemba manambala onse, chifukwa yankho lanu lagona m'manambalamo. Alamu anuwo anena zoona, mukawathokoze. Anzanu a kuntchito aphonya. Koma pa nkhani ya mapiritsi ndikukhumudwitsani pang'ono, ndipo kuli bwino ndikuuzeni zifukwa zake bwinobwino kusiyana n'kukulonjezani zimene madzi sangachite.

Tiyambe ndi mawondo, poti ndi amene anakuimitsani. Pa msinkhu ndi kulemera kumene mwatchula, BMI yanu, nambala yoyerekeza kulemera ndi msinkhu, ili pa 35, pomwe kunenepa kumene achipatala amakuona ngati vuto kumayambira pa 30. Mukamayenda, bondo silisenza makilogalamu 104 okha ayi. Phazi likamatera pansi, mphamvu imene imafinya bondo imaposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, ndipo mukathamanga imakwera kuposa pamenepo. Tsono munthu amene wakhala zaka zambiri pampando, minofu ya m'ntchafu itafooka, akangodzuka tsiku lina n'kuyamba kuthamanga pa tala, bondo litupa basi. Sikuti ndinu aulesi. Mawondo anapatsidwa ntchito asanaikonzekere.

M'madzi nkhani imasintha. Lamulo la Archimedes limene tinkaloweza ku sekondale lija limagwira ntchito pa thupi lanunso: madzi amakukankhirani m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa madzi amene thupi lanu lawasuntha. Madzi akalekeza m'chiuno, miyendo imanyamula pafupifupi theka la kulemera kwanu. Akafika pachifuwa, imanyamula gawo limodzi mwa magawo atatu. Akafika m'khosi, chotsala ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kwa inu, kuimirira m'madzi a pachifuwa kuli ngati mwatula thumba la chimanga la makilogalamu 50 ndi kathumba kena pamwamba pake, moti mawondo atsala ndi makilogalamu 35 kapena kupitirira pang'ono. Ndipo poti mafuta amayandama kuposa minofu ndi mafupa, munthu wonenepa madzi amamunyamula kwambiri kuposa wochepa thupi.

Katundu wachoka pamawondo, koma ntchito sinachoke. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, choncho sitepe iliyonse mumachita kukankha. Mukawirikiza liwiro kawiri, kukana kwa madzi kumakula pafupifupi kanayi. Tanthauzo lake n'lakuti woweruza kukula kwa ntchito ndinu: mukafulumira madzi amalimba, mukatopa n'kuchepetsa amafewa pompo. Komanso amakukanani mbali zonse, pokankha dzanja ndi polibweza, kotero minofu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo imagwira ntchito nthawi imodzi. Zonsezi sizifuna kudziwa kusambira. Mapazi anu akhala ali pansi, mutu uli kunja.

Za thukuta, anzanuwo auzeni kuti thukuta ndi madzi ndi mchere, mulibe mafuta. Ntchito yake ndi kuziziritsa thupi. Mafuta akawotchedwa m'minofu amasanduka mpweya wa carbon dioxide ndi madzi, ndipo gawo lalikulu limatuluka ndi mpweya umene mukupuma. Chimene chimasonyeza kuti mukuwotcha mafuta ndi kupuma mwamphamvu, osati kunyowa kwa malaya. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona bambo akuthamanga dzuwa likuswa mtengo atavala jekete lapulasitiki. Sikelo idzatsika madzulo amenewo, n'kukweranso akangomwa madzi, ndipo impso ndi zimene zavutika. M'dziwe thukuta limatuluka ndithu mukalimbikira, kungoti madzi amalitsuka, komanso amachotsa kutentha pakhungu mofulumira kuposa mpweya pafupifupi ka 25.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene abambo ambiri amagwera ulesi pakatha mwezi. Munthu wolemera ngati inu akayenda mwamphamvu m'madzi a pachifuwa kwa mphindi 45 amawotcha makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) apakati pa 300 ndi 350. Katatu pa sabata, ndi makalori pafupifupi 1,000. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Ngati kadyedwe kanu sikasintha ngakhale pang'ono, kilogalamu imodzi yokhayo idzakutengerani miyezi pafupifupi iwiri. Botolo la mowa la 330 ml lili ndi makalori pafupifupi 140. Awiri okha, abweza pafupifupi zonse zimene munawotcha tsiku limenelo. Mbale ya tchipisi ndi kanyenya pambali yapitirira kale.

Ndipo madzi ali ndi msampha wakewake umene kuyenda pamsewu kulibe: njala. Mu 2005 akatswiri a ku University of Florida anapalasitsa amuna achinyamata njinga yoima m'madzi kwa mphindi 45, tsiku lina m'madzi ozizira a madigiri 20, tsiku lina m'madzi ofunda a madigiri 33, kenako n'kuwaikira chakudya kuti adye mmene angafunire. Atachoka m'madzi ozizira anadya makalori ochuluka ndi 44 peresenti kuposa atachoka m'madzi ofunda. Kale mu 1987 dokotala wina wa ku California, Grant Gwinup, anayerekeza amayi onenepa oyenda pansi, opalasa njinga ndi osambira, onse akudya mmene akufunira. Oyenda ndi opalasa anatsika thupi, osambira sanatsike. Kafukufuku ameneyu ndi amene anafalitsa mbiri yakuti kusambira sikuchepetsa thupi. Koma mu 2010 gulu la ku Perth ku Australia linatulutsa zotsatira za amayi a zaka 50 mpaka 70 amene linawatsata kwa chaka, ndipo osambira anatsika thupi kuposa oyenda pansi, ngakhale kusiyana kwake kunali kochepa, pafupifupi kilogalamu imodzi. Ine ndimaziona chonchi: madzi amawotcha makalori monga masewera ena onse, koma chimene chimagamula ndi ola loyamba mukatuluka.

Izi zikukukhudzani kwambiri chifukwa maiwe ambiri kwathu kuno ndi apanja ndipo satenthetsedwa. Mu Juni ndi Julaye ku Lilongwe madzi ake amaluma. Miyezi imeneyo pitani masana kapena chakumadzulo dzuwa litawawomba, musapite mbandakucha. Mukatuluka dzipukuteni msanga, valani juzi, imwani tiyi wotentha wopanda shuga, ndipo chakudya chodyera pamenepo munyamuliretu kunyumba: nthochi, dzira lowiritsa, kapena mtedza wodzaza dzanja limodzi. Dikirani theka la ola thupi lifunde musanaganize za chakudya chenicheni. Mukatuluka chimanjamanja n'kudutsa pa chiwaya, mwagonja kale.

Tifike pa pepala la ku labu. Cholesterol si poizoni. Thupi limaifuna pomanga maselo ndi mahomoni, ndipo yambiri imapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, yochokera m'mbale ndi yochepa. Poti mafuta sasakanikirana ndi magazi, amayenda atakutidwa m'timabulu. LDL ndi timabulu totenga cholesterol kuchiwindi kupita nayo m'thupi. Tikachuluka timalowa m'makoma a mitsempha ya magazi n'kumaunjikana zaka ndi zaka mpaka njira itachepa, ndipo tsiku lina chounjikanacho chikaphulika magazi amaundana pomwepo. Zikachitika mumtsempha wa mtima ndi matenda a mtima aja ogwetsa munthu mwadzidzidzi. Zikachitika m'mitsempha yopita ku ubongo ndi sitiroko. HDL imatolera cholesterol yotsala n'kuibwezera kuchiwindi. Ma triglyceride ndi mafuta enieni amene thupi limasunga ndi kuwotcha ngati nkhuni zake.

Kwa bambo wamkulu, manambala amene timafuna kuona ndi cholesterol yonse yosafika 5, LDL yosafika 3, HDL yoposa 1.0, ndi ma triglyceride osafika 1.7 munthu atayezedwa asanadye. Izi ndi za muyeso wa mmol/L, umene pepala lanu lagwiritsa ntchito. Malabu ena amalemba mu mg/dL, ndipo mnzanu akakuuzani kuti yake ili 200 musadzidzimuke, imeneyo ndi pafupifupi 5.2 mu muyeso wanu. Onse anayi a inu ali kolakwika, koma sangakonzedwe ndi chinthu chimodzi.

Ma triglyceride a 2.8 ndi amene madzi adzawagwire msanga. M'makoma a timitsempha ta m'minofu muli enzyme yotchedwa lipoprotein lipase, imene imakoka mafuta m'magazi n'kuwapereka ku minofu kuti iwawotche. Minofu ikagwira ntchito enzyme imeneyi imachangamuka, ndipo imakhala yochangamuka kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako imabwerera mwakale. Apa pali phunziro lalikulu pa kakonzedwe ka sabata yanu: maola awiri Loweruka lokha saposa mphindi 40 Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ma triglyceride amamveranso kwambiri mowa ndi shuga. Bambo amene wachepetsa mowa, wasiya zakumwa zotsekemera ndipo akulowa m'dziwe katatu pa sabata kawirikawiri amaona nambala imeneyi itatsika pa kuyeza kotsatira.

HDL ndi yamakani. Mu 2007 akatswiri a ku Japan anaphatikiza zotsatira za makafukufuku 25 n'kupeza kuti masewera amakweza HDL ndi pafupifupi 0.06 mmol/L, ndipo kuti ikwere n'komwe pamafunika maola osachepera awiri pa sabata. Kuchokera pa 0.9 yanu, kukafika pa 1.0 ndi ulendo wa miyezi. Ngati mumasuta, kusiya fodya kumaikwezanso. Kafukufuku wa ku Duke University ku America, amene anatuluka mu 2002 ndipo anachitika pa abambo ndi amayi onenepa a mafuta ochuluka m'magazi, anapeza kuti chimene chinasintha mafuta a m'magazi kwambiri chinali kuchuluka kwa masewera pa sabata, kuposa kulimba kwake. Ubwino wa madzi kwa inu wagona pomwepa: adzakulolani kukwanitsa mphindi zambiri popanda bondo kukugonekani sabata yachitatu.

LDL ya 4.2 ndi imene madzi sangaithe. Masewera okha amaitsitsa pang'ono kwambiri, nthawi zina osaisuntha n'komwe, ngakhale kuti amasintha timabulu take kuti tisakhale tating'onoting'ono tolowa msanga m'makoma a mitsempha. Mukatsika thupi ndi kuchepetsa mafuta a nyama, mukhoza kuitsitsa ndi 10 kapena 15 peresenti, kutanthauza kuchoka pa 4.2 kufika pa 3.6 kapena 3.8. Atorvastatin, malinga ndi mlingo wake, amaitsitsa ndi gawo limodzi mwa atatu mpaka theka. Amachita zimenezi pochepetsa kupangidwa kwa cholesterol m'chiwindi, ndipo chiwindicho chimayamba kukoka LDL yambiri m'magazi. Inu muli ndi zaka 49, muli ndi BP, ndinu onenepa, HDL ndi yotsika. Adokotala sanalakwitse kukulemberani. Musawasiye.

Pali msampha umene ndikufuna muudziwiretu. Pakatha miyezi itatu mukayezetsa n'kupeza LDL ili 2.5, mudzaganiza kuti dziwe lachita zodabwitsa ndipo mapiritsi alibenso ntchito. Gawo lalikulu la kutsikako lidzakhala la mapiritsiwo, ndipo mukawasiya nambala imabwerera pakangopita masabata ochepa, inu osamva chilichonse m'thupi. Alipo anthu amene atatsika thupi kwambiri adokotala anawachepetsera mlingo, makamaka wa mankhwala a BP. Zimenezo zimatheka, koma wogamula ndi dokotala ataona zotsatira zingapo zotsatizana. Ngati bambo anu kapena mchimwene wanu anadwala mtima asanafike zaka 55, mukawauzenso adokotala, chifukwa LDL ina imayendera kumtundu.

Chinanso, mimba yaikulu, BP, ma triglyceride okwera ndi HDL yotsika zikakumana mwa munthu mmodzi, shuga sakhala patali. Simunalembe za shuga. Ngati sanakuyezeni, pemphani akuyezeni.

Musanalowe m'madzi tsiku loyamba, bwererani kwa adokotala anu mukawauze kuti mukufuna kuyamba. Si mwambo chabe. Mukaimirira m'madzi ofika pachifuwa kapena m'khosi, madzi amafinya miyendo ndi mimba n'kukankhira magazi oposa theka la lita kuchifuwa. Mtima wabwino umalandira zimenezi mosavuta: umapopa magazi ambiri pa kugunda kulikonse, n'chifukwa chake m'madzi umagunda mochepera ndi 10 mpaka 15 pa mphindi poyerekeza ndi ntchito yomweyo pamtunda. Koma mtima wofooka ukhoza kulemedwa. Ngati mumamva kuwawa kapena kuthina pachifuwa mukakwera masitepe, ngati mumabanika mukagona chagada, ngati mapazi amatupa, kapena mtima umagunda modumphadumpha, muyambe mwayezedwa. BP ikakhala 180 pa 110 kapena kuposa, tsiku limenelo si la dziwe. Wa khunyu salowa popanda munthu womuyang'anira pafupi, wa chilonda chosapola adikire, ndipo wa shuga amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide asalowe ndi njala, akhalenso ndi kanthu kotsekemera m'mphepete mwa dziwe. Mowa ndi dziwe siziyenderana ngakhale botolo limodzi. Ndipo poti simudziwa kusambira, musalowe muli nokha, ngakhale mbali yosaya.

Magazi okankhidwira kuchifuwa aja amanamizanso impso kuti madzi achuluka m'thupi, n'chifukwa chake mudzaona mkodzo ukukupanikizani mukangokhala m'dziwe kanthawi. Ngati mankhwala anu a BP ndi aja okodzetsa, monga hydrochlorothiazide, ikani botolo la madzi akumwa m'mphepete muzimwa pang'onopang'ono. Ngati ndi atenolol kapena propranolol, amene amachedwetsa mtima, kuwerenga kugunda kwa mtima sikungakuuzeni zoona za mmene mukulimbikira. Ngakhale popanda mankhwala amenewa, muyeso wosavuta ndi pakamwa: muzitha kulankhula chiganizo chachifupi koma osatha kuimba nyimbo. Ngati mukucheza za mpira momasuka, mukungoviika thupi. Ngati mawu akuduka pa liwu lililonse, mwapyola.

Tsiku loyamba lizikhala chonchi. Lowerani pa masitepe, mutagwira chitsulo, n'kupeza malo amene madzi akulekeza pakati pa mchombo ndi chifuwa. Yendani chopingasa dziwe pang'onopang'ono kwa mphindi 5. Chinthu choyamba chimene mudzaone n'chakuti thupi likufuna kuyenda chonyang'ama, zidendene zili m'mwamba, chifukwa madzi akukunyamulani. Kanani. Tsitsani chidendene, kenako phazi lonse, kenako zala, monga pamtunda. Mukapanda kutero m'mawa mwake akatumba adzakhala atauma. Msana uwongoke, mimba muikokere m'kati pang'ono, musaweramire kutsogolo. Manja akhale m'madzi, zikhatho zotambasula, muzikankha madzi kumbuyo. Mukafika kukhoma n'kutembenuka, mudzakumana ndi madzi amene munawakoka kumbuyo kwanu akubwera kudzakugundani. Masitepe atatu kapena anayi oyambawo ndi olemera kuposa ena onse, ndipo ndi opindulitsa. Musawadikire kuti adekhe.

Mukafunda, onjezerani liwiro kwa mphindi 10. Sinthanisinthani: chamtsogolo, chambuyo, cham'mbali mbali zonse ziwiri. Kuyenda chambuyo kumalimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imene imagwira bondo, ndipo cham'mbali kumalimbitsa ya m'chiuno. Malizani ndi mphindi 5 zoyenda mofatsa. Potuluka samalani. Thupi lidzalemera mwadzidzidzi ngati wina wakukwerani pamsana, ndipo magazi amene anali kuchifuwa adzatsikira kumiyendo, moti kwa munthu wa mankhwala a BP chizungulire chimabwera. Kwerani sitepe imodzi imodzi, khalani pansi m'mphepete kanthawi, kenako imirirani.

Masabata awiri oyamba, mphindi 20 katatu pa sabata zakwana, ngakhale mutamva kuti mungathe zambiri. Madzi amabisa kutopa. Kuchokera pamenepo onjezerani mphindi 5 sabata iliyonse mpaka mufike pa 45. Mwezi wachiwiri yambani kusakaniza: mphindi imodzi yothamanga pamalo amodzi mawondo akukwera m'mwamba, mphindi ziwiri zoyenda, kubwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Onjezerani kunjuta n'kuimirira mutagwira khoma, kukankha khoma ndi manja, ndi kutambasula mwendo cham'mbali. Zida zodula sizikufunika. Mabotolo awiri apulasitiki opanda kanthu otsekedwa bwino, mukamawakankhira pansi pa madzi, amagwiritsa ntchito mapewa ndi manja mokwanira. Ngati pali mphunzitsi wosambira, lipirani maphunziro angapo. Kudziwa kuyandama kudzakuchotserani mantha, ndipo kusambira kukadzabwera ndi phindu lowonjezera. Kasambidwe kotambasula miyendo ngati chule kamapotokola bondo, inu mukapewe poyamba.

Bungwe la World Health Organization m'malangizo ake a 2020 limati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndi olimbitsa minofu masiku awiri. Ofuna kutsika thupi amafunika kuyandikira kumtunda kwa manambalawa. Katatu ka mphindi 45 ndi 135 yokha, choncho dziwe lokha silikwana, ndipo ndikudziwa kuti kulowa m'dziwe la hotela kapena la kalabu kasanu pa sabata ndi ndalama. Funsani mtengo wa pamwezi, nthawi zambiri umatsikirako. Masiku otsalawo dzazani ndi kuyenda pamalo a fulati mphindi 10 kapena 15 mukatha kudya, kapena njinga, imene nayonso imapeputsira mawondo. Izi zili ndi chifukwa chinanso: mafupa amalimba akamasenza thupi, ndipo madzi sawapatsa ntchito imeneyo. Cholinga n'chakuti dziwe likulimbitseni mpaka mawondo avomerenso msewu. Kafukufuku wa anthu a nyamakazi ya m'mawondo anaonetsa kuti kilogalamu iliyonse imene munthu wataya imachotsa pafupifupi makilogalamu anayi pa katundu wa bondo pa sitepe iliyonse.

Za manyazi ovula malaya pagulu, abambo ambiri sazitchula koma n'zimene zimawaletsa. Valani kabudula ndi tisheti yopepuka ngati eni dziwe amalola, ndipo sankhani nthawi imene ana a sukulu kulibe. Mukangolowa, mimba ili pansi pa madzi.

Mwina muganiza kuti mukapita kunyanja pa tchuthi mukachitire komweko kwaulere. Kuyenda m'madzi osaya m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi ndi njira yeniyeni yotengera likodzo, makamaka chakumwera, ku Mangochi ndi ku Cape Maclear. Tizilombo take timachoka mu nkhono n'kuboola khungu pa mphindi zochepa, ndipo mchenga woyera si chitsimikizo chakuti kulibe. Amene amakhala m'mbali mwa nyanja n'kumalowa kawirikawiri azikayezetsa ndi kulandira praziquantel kuchipatala. Mitsinje ndi madamu ndiye ayi: likodzo, ng'ona, mvuu ndi maenje osaoneka, kwa munthu wosadziwa kusambira.

Mbale tsopano, poti taona kale kuti sikelo imamvera kumeneko. Sindikukuuzani kusiya nsima. Ngati mumadya mitanda itatu, idyani iwiri, ndipo ikhale ya mgaiwa ikapezeka. Malo a mtanda wachitatuwo alowe masamba, ndipo theka la mbale likhale lawo. Nyemba, nandolo, khobwe, therere lobala ndi phala la oats zili ndi ulusi umene umagwira cholesterol m'matumbo. Usipa, utaka ndi chambo zilowe m'malo mwa nyama yonona masiku ambiri, zowotcha kapena zophika, osati zosambira m'mafuta. Nsinjiro ndi mapeyala ali ndi mafuta abwino, koma makalori ake ndi ambiri, ndiye mwa muyeso. Zokweza LDL ndi mafuta a ng'ombe, a mbuzi ndi a nkhumba, khungu la nkhuku, soseji, batala, ndi mandasi kapena tchipisi zokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza. Yang'anani botolo la mafuta ophikira kunyumba m'mawa wa mu Juni: ngati achita mbuu kapena aundana pansi, ndi a kanjedza kapena osakaniza nawo, ndipo amenewa ali ndi mafuta okweza LDL ambiri kuposa a mpendadzuwa kapena a soya. Mukambirane ndi mayi a kunyumba, chifukwa kusintha kumeneku sikutheka ngati wophika sanakumve. Dzira limodzi patsiku lisakudetseni nkhawa. Masipuni atatu a shuga mu tiyi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi pa nkhomaliro ndi zimene muyambe nazo.

Musadziikire cholinga chofika makilogalamu 75 pofika Khirisimasi. Kutaya 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu, kutanthauza makilogalamu 5 mpaka 10, pa miyezi isanu ndi umodzi, n'kokwanira kutsitsa ma triglyceride, BP ndi shuga mooneka. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino. Sikelo ikhoza kuima masabata ena pamene mimba ikuphwa, choncho gulani tepi ya atelala muziyeza mimba pa mchombo, m'mawa musanadye, mutatulutsa mpweya bwinobwino osakokera mimba m'kati, kamodzi pa masabata awiri. Kwa abambo chiopsezo chimayamba kukwera pa masentimita 94 ndipo chimakula kwambiri kupyola 102. Mafuta a m'kati mwa mimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo, ndi amene amasokoneza kwambiri shuga ndi ma triglyceride, ndipo mwamwayi ndi amene amamvera masewera msanga.

Poti mwayamba atorvastatin ndi masewera nthawi imodzi, dziwani kusiyanitsa ululu. Kuphwanya kwa minofu kobwera tsiku lotsatira masewera, kokhudza malo amene munagwiritsa ntchito, kotha pa masiku awiri kapena atatu, n'kwabwinobwino. Ululu wa ntchafu zonse ziwiri kapena mapewa onse awiri wosatha ngakhale mwapuma, kufooka kolephera kudzuka pampando, kapena mkodzo wakuda ngati tiyi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti mukumwa atorvastatin. Bondo likatupa kapena kuwawa kupitirira tsiku lathunthu mutachoka m'dziwe, ulendo wotsatira sunthirani kumene madzi akuya pang'ono, afike pachifuwa penipeni, ndipo chepetsani mphindi.

Kayezetseninso magazi pakatha miyezi itatu, m'mawa musanadye, musanamwe mowa kwa masiku angapo, chifukwa mowa wa dzulo umakweza ma triglyceride a lero. Popita kwa adokotala tengani pepala lakale ndi latsopano, manambala a tepi, ndi a BP ngati mumayeza kunyumba. Ngati chizungulire chayamba kukuvutani mukaimirira pamene thupi likutsika, musadikire miyezi itatuyo. Mwina mlingo wa mankhwala a BP wayamba kukula ndipo ukufunika kuunikidwanso.